Liwu la Chingerezi Limene Linandifikitsa Kumanda a Eni

Magaye, khalani pansi. Amene muli pa kabaza imikani kaye njinga pambali, amene mukukazinga tchipisi pa Linthipe chotsaniko nkhuni ziwiri, chifukwa izi si zowerenga uku mukuyenda. Ndine Kalisto yemwe uja wa makina ochekera matabwa, amene munkanditcha "Eya Bwana". Mwanditopetsa pa gulupu pano ndi funso lanu lija lakuti bwanji ndinasiya ntchito ndili mnyamata. Lero ndiyankha kamodzi, basi. Ndinapuma ntchito ndili ndi zaka 25, ngati madala a m'boma, kungoti ine palibe anandichitira phwando. Ndikulemba ndi chala chimodzi pa foni yong'aluka galasi, ndiye mukaona ndalumpha chilembo musandiseke. Wina asunge zimenezi chonde, foni yangayi ikhoza kufa tsiku lililonse. Ndikufuna Tadala, mwana wanga, akadzakula adzawerenge yekha, asadzamve kwa anthu kuti bambo ake anathawa ntchito chifukwa cha ulesi. Akati mantha, pamenepo ndivomera. Mantha ndiye ndinali nawo, ndipo ndikadali nawo.

2015, Mayani

Za ubwana tisiye, palibe chachilendo. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo Chingerezi chonse chimene ndimakuvutitsani nachochi ndinachitola pa foni. Ntchito yanga yoyamba inali kwa a Mbewe, mphunzitsi wopuma amene anali ndi kankhalango ka paini kuseri kwa Mayani. Kunalibe makina kumeneko. Tinkacheka ndi sowo wamkulu wa anthu awiri, chipika chili chogona pa dzenje, wina pamwamba wina pansi. Pamwamba pankaima a Kamwendo, bambo wamfupi wa fodya wa m'mphuno, munthu wa gule weniweni amene sanapondepo m'tchalitchi. Ine pansi. Amene simunalowepo m'dzenje lochekera dziwani kuti utuchi wonse umagwera iwe, m'maso, m'makutu, mpaka m'kabudula. Ndipo wapansi saona mzere wa khala umene sowo akutsata, amaona ndi wapamwamba. Tsiku loyamba a Kamwendo anandiuza kuti, "Mphwanga, lamulo la pansipo ndi limodzi. Ndikakankha, koka. Ndikakoka, leka. Ukayamba nzeru zako thabwa likhota, ndiye a Mbewe adzati ndine." Ine, "Eya." Iwo, "Wamva koma?" Ine, "Eya." Anangoseka, amvekere, "Ameneyu ndiye anabadwira m'dzenje."

Sananame. Ine liwu lakuti ayi linkandikanirira pakhosi ngati mbatata yopanda tiyi. Si kuti ndinali woyera mtima, musanamizike. Ndinkaopa nkhope ya munthu ikasintha. Munthu akangokwinya pamphumi, kuti zithe msanga ndimangoti eya. A Mbewe akati Lamulungu ukasenze matabwa kupita nawo kumsewu, eya, Misa n'kundidutsa. Akazi awo akati ukaweruka ukandikumbire mbatatesi, eya. Zaka zinayi m'dzenje limene lija, sindinakanepo kanthu ngakhale kamodzi.

Paini atatha mu 2019, a Mbewe anandiitana pakhonde, anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, n'kundilembera kalata ya umboni pamanja. Atamaliza anati, "Ndalemba kuti ndiwe wolimbikira, sumwa mowa, komanso ndiwe amenable." Ine, "Ame chiyani, aphunzitsi?" Iwo, "Amenable. Munthu wosavuta. Ukamuuza chinthu amamva, ukamulangiza amalandira, sachita makani. Mabwana amalikonda liwu limeneli kuposa satifiketi." Ine monga mwana wa Chikatolika ndinafunsa ngati likuchokera ku ameni wa kutchalitchi uja. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ayi, si kumeneko. Koma iweyo ndiye likukuyenera ngati malaya osoketsa." Ndinatsika nayo kalatayo mpaka pa boma kukaimatitsa m'pulasitiki kuti mvula isaigwire. Aise, ndinkayenda ngati ndalandira digiri.

2019, Linthipe

Bwana Zimba anali munthu wa matabwa wokulira m'tauni, wa lole imodzi ndi makina awiri a tcheni. Ndinawapeza atakhala pa mulu wa matabwa pafupi ndi msika. Anawerenga kalata yanga mwachangu, koma atafika pa liwu lija anaima, n'kuligogoda ndi kiyi wa galimoto. "Izi n'zoona?" Ine, "Eya bwana." Iwo, "Tiona."

Makina ndinadziphunzitsa ndekha. Ndinkaima pamsewu pomwe netiweki imagwira bwino n'kumaonera mavidiyo a azungu akugwetsa mitengo, kenako n'kukayesa pa zipika zotayidwa. Pasanathe miyezi itatu ndinali nditaposa amene ndinawapeza. Magaye, ndikuuzeni zoona, makina amene aja anandipanga munthu. Ndikakoka chingwe n'kulira, anthu ankasiya makasu kubwera kudzaonera. Thabwa langa linkatuluka lowongoka ngati la ku fakitale. Ndikupita kukafunsira Rozina, amalume ake anafunsa kuti mnyamatayu amatani, atamva kuti ndi wa makina nkhani inathera pomwepo. Ndinapempheranso a Kamwendo malo, bwana n'kuwalemba kuti aziyeza ndi kupakira. Luso lina ine ndinalibe. Kundichotsa pa makina kunali kundibweza m'dzenje.

Bwana Zimba sankakalipa, n'chifukwa chake ankaopsa. Ukawayankha zosawakomera ankavula magalasi, n'kumawapukuta pang'onopang'ono ndi nsonga ya malaya, maso ali pa iwe, kenako kamawu kotsika, "Pali vuto?" Ndinaonapo anthu atatu akuchotsedwa ntchito ndi funso limenelo basi. Ankatitumiza kulikonse kumene agula mitengo, ku Lobi miyezi iwiri, kumapiri kuseri kwa Mayani, kugona m'makhitchini a eni. Zipangizo ndiye musanene. Tcheni chotha mano, tupa yosalala ngati supuni, oyilo wakuda wotsala m'lole, magalasi oteteza maso palibe, chipewa palibe. Bulugama akapendekera nyumba ya eni, anzanga onse n'kukana kumugwetsa, bwana ankangotembenuka, "Kalisto." Tsiku lina ndinawauza kuti tcheni chatopa, akagule china. Anavula magalasi. Ine, "Chigwirabe bwana." Masana omwewo chinaduka n'kundikwapula pamkono. Chipsera chimene mumachiona chija n'chimenecho. M'mawa mwake ndinali pantchito, mkono womanga ndi chitenje cha Rozina.

2022, pa mzere wa petulo

Mukukumbukira nthawi imene mafuta ankasowa ija. Makina athu amamwa petulo, ndiye bwana anandituma ndi zigubu ziwiri kukaima pa mzere, a Kamwendo n'kundiperekeza. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka mzere osasuntha. Nditatopa ndi mpira ndi nyimbo, ndinangoti ndifufuze liwu langa lija pa foni, ndione kumene linachokera. Ndinkafuna kudzitama basi.

Poyamba zinali bwino. Tanthauzo linali lomwe ananena a Mbewe: munthu womvera, wosavuta kumukopa, wolandira malangizo. Akuti madokotala amaligwiritsanso ntchito pa matenda amene amamva mankhwala. Ndinatsitsa chala. Akuti Angerezi analitenga ku Chifalansa cha m'makhoti akalekale, ndipo nthawi imeneyo linkanena munthu amene akhoza kutengedwa kupita naye pamaso pa woweruza kuti akayankhe mlandu. Ine ee. Ndinatsitsanso. Akuti Chifalansacho ndi amener, kutsogolera kapena kubwera nacho chinthu, ndipo chinachokera ku Chilatini, minare, kuyendetsa ziweto uku ukuzikuwira. Pansi penipeni panali gwero lake, minari, kutanthauza kuopseza. Magaye, ndinawerenga katatu. Pansi pa liwu lokongola lija, limene ndinalimatitsa m'pulasitiki, panali munthu ali ndi chikwapu kumbuyo kwa ng'ombe.

Ndinawawerengera a Kamwendo, n'kuwamasulira. Anafwenkha fodya wawo, kuyetsemula, amvekere, "Ndiye kuti aphunzitsi analemba kuti ndiwe ng'ombe ya pangolo, iwe n'kukalipira kuti akumatire?" Ine, "Iwo sanatanthauze zimenezo, madala. Masiku ano ndi liwu loyamikira." Iwo, "Ngakhale ng'ombe timaiyamikira, mphwanga. Timati iyi ndiye yabwino, siponda." Anthu a pa mzere anaseka, inenso ndinaseka nawo. A Mbewe sindiwada, iwo ankandifunira zabwino. Koma kuyambira tsiku limenelo, ndikati "eya bwana" ndinkadzimva ndekha, ngati mmene umamvera mawu ako pa voisi. Kudzimva kokha, kusiya ayi. Rozina anali atangoima, ndiye ndikanayambira pati makani?

Julayi 2023, Lobi

Bwana anagula milombwa isanu kwa munthu wina wa kumeneko amene amakhala m'tauni. Munthuyo anawauza pa foni kuti mitengoyo ili kumapeto kwa munda wa malemu mayi ake, n'kuwatumizira zithunzi. Mlombwa mukuudziwa, thabwa lake ndi la zitseko za anthu olemera. Bwana anali osangalala mpaka anatigulira mandasi. Tinafika m'mawa, chisanu chija cha Julayi, nkhungu ili mbuu moti lole inkayenda ngati nkhalamba. Tinaima pamene msewu unathera. Kutsogolo kunali munda wokololedwa, mapesi ali gonegone, ndipo kumapeto kwake nkhalango yakuda bii, yothithikana, pakati pa minda yoyera mbee. Aliyense wokulira kuno akaona mitengo yachilengedwe itatsala yokha chonchija, nkhwangwa osaikhudza, safunsa.

A Kamwendo anayenda mapazi khumi n'kuima. Panjira yolowera m'mundamo panali kamtengo kozika, kumutu kwake atamangirira nsanza yofiira. Anabwerera, anavula chipewa. "Bwana, uko ndi kumanda. Ndipo nsanzayo ikunena kuti eni ake alimo." Bwana anatulutsa foni kuonetsa zithunzi. "Mitengo yanga ili kunja, m'mphepete. Malire a munda ndi awa." A Kamwendo, "Malire a manda salemba ndi munthu wa m'tauni, bwana. Pamene pafika mthunzi wa mitengoyo ndi pomwepo." Bwana anavula magalasi. "Pali vuto, a Kamwendo?" Iwo, "Lilipo, lalikulu. Ine uko sindipita, ndipo mukadakhala mwana wanga ndikadakukokani khutu." Anakakhala pa sitepe ya lole n'kutulutsa kabotolo ka fodya. Dalaivala anayang'ana kumbali ngati akuwerenga mitambo.

Tadala, iwe mwina udzakulira kwina, ndiye ndikufotokozere. Kwathu kuno kumanda sikupitidwa popanda maliro, ndipo mtengo wa kumeneko sudulidwa pokhapokha eni mudzi atalola. Komanso m'midzi yambiri kumanda n'kumene kumakhala dambwe, malo obisika kumene kumachokera gule wamkulu. Akaika nsanza yofiira ndiye kuti wosalowa gule asadutse. Ife a m'banja la Chikatolika tinakula tikudziwa chinthu chimodzi: ukamva kulira kwa zilombo, thawa, usacheuke. Wodutsa chizindikiro amagwidwa, ndipo tinkamva kuti ena amatuluka atalowetsedwa gule, afune asafune. Zikatero kutchalitchi umaimitsidwa masakramenti. Zonsezi ndinkazidziwa ngati dzina langa.

Bwana anatembenuka. "Kalisto." Magalasi anali akadali m'manja. "Oda ya zitseko ikudikira Lachisanu. Iwe ndi mphindi makumi awiri pa mtengo, tikweza, tizipita, palibe atione m'nkhungu muno. Kapena nawenso pali vuto? Uganize bwino, akazi ako ndi oyembekezera." A Kamwendo anandiyang'ana, anapukusa mutu pang'ono. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimene zinali mumtima. Chimene chinatuluka mukuchidziwa kale. "Eya bwana."

Ndinasenza makina paphewa. Nsanza ija ndinaidutsa chammbali, ngati kuti kuizungulira kuchepetsa mlandu. Mapesi ankalira pansi pa gambutsi zanga mokweza ngati ndikuswa mbale. Nditayenda pang'ono ndinacheuka, lole osaonekanso, nkhungu yatseka. Kutsogolo mitengo inkakula. Kunalibe mbalame, kunalibe tambala, zii. Panjirapo ndinaona makoko a chimanga ong'ambidwa mwadala timizeretimizere, ndi mapazi opanda nsapato opita m'katimo, ambiri, obwerera palibe. Ndinayesa Tikuoneni Mariya koma mawu ankasokonekera, ndinkangobwereza mzere woyamba. Mlombwa woyamba ndinauzindikira chifukwa cha chithunzi chija. Unali waukulu, anthu awiri sangaukumbatire. Ndinatsitsa makina, ndinagwada kuti ndichotse masamba patsinde monga timachitira, ndione mbali yogwetsera. Dzanja langa linakhudza chinthu chozizira. Kambale kachitsulo, kakang'ono, koboola pakati. Ndinasesa masamba ena. Kanali pa kamtumbira kakafupi, kutalika kwake ngati mkono wangawu. Manda a mwana, magaye. Mizu ya mtengo umene ndinatumidwa inalowa pansi pake ngati zala.

Ndinaimirira. Ndipo ndikuuzeni chinthu chochititsa manyazi, chifukwa ndalonjeza kunena zoona. Ngakhale nditaona zimenezo, phazi langa linaponda makina, dzanja n'kugwira chingwe cholizira. Thupi linkagwira ntchito lokha. Ndinkaopa kumbuyo kuposa kutsogolo.

"Zikomo, achimwene."

Mawu a munthu, ofatsa, pafupi penipeni. Ndinatsala pang'ono kudzinyowetsa. Pakati pa mitengo panaima bambo wachikulire wa jekete yong'ambika, khasu lalifupi paphewa, ngati akuchokera kudimba. Pambuyo pake ndinamva kuti ndi a Gwaza, mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda m'mudzimo. Sanakweze mawu. "Maliro ndi a ndani?" Ine, "Palibe maliro, madala." Iwo, "Oo. Poti kuno anthu amabwera ndi maliro." Anayang'ana makina, anayang'ana ine. "Kapena ndi anu?"

Nthawi yomweyo m'katikati mwa nkhalango munamveka kulira kuja, kopyapyala, kokwera, kumene ndinakhala ndikukuthawa moyo wanga wonse. Kwina kunayankha kumanzere. Kenako kumanja. Ndipo m'thumba mwanga foni inayamba kunjenjemera. Sindikudziwa chifukwa chake ndinayankha, mwina chizolowezi. Bwana. "Bwanji sindikumva makina?" "Kalisto, ndikulankhula ndi iwe. Liza makinawo." A Gwaza anali chiimire, akudikira ngati munthu wodikira basi. Dzanja langa lamanja linali likadali pa chingwe. Ndikanakoka kamodzi, phokoso lake likanafika m'mudzi monse, ndipo mtengo ukanagwera pa kamtumbira kaja, chifukwa unapendekera komweko. Ndikanaleka, ntchito yatha, luso langa lonse latha, mwana ali m'njira. Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Ndinangoona kuti kulikonse kumene ndingapite ndikuchita kuthamangitsidwa, ndiye bola ndiime. Ndinasiya chingwe.

"Ayi bwana."

"Wati chiyani?"

"Ayi. Pali mwana apa." Ndinadula foni. Ine, kudulira bwana Zimba foni!

A Gwaza anati, "Makinawo asiyeni pomwepo. Inuyo mwadutsa chizindikiro, ndiye simungabwerere nokha." Ndinakhala pansi. Ndinaganiza kuti basi, kwanga kwatha, Rozina akamva kwa anthu. Kenako ndinamva mapesi akulira kumbuyo, munthu akubwera mothamanga. A Kamwendo, wefuwefu, chipewa m'manja. Analankhula ndi a Gwaza mawu ena amene ine sindinawamve mutu wake, a Gwaza n'kuyankha chimodzimodzi. Kenako a Kamwendo anati, "Ndi mwana wanga uyu. Wachita kutumidwa." A Gwaza, "Wotumidwa alibe maso?" A Kamwendo, "Ali nawo, koma atseguka mochedwa ngati a mwana wa galu. Taonani mtengowo, sanaukande n'komwe." A Gwaza anazungulira mlombwa uja, anaugwira khungwa, anabwezera kambale kaja pamalo pake. Kenako anandiuza kuti, "Imirirani. Gwirani jekete ya anzanuwa. Maso pa zidendene zawo. Mukadzutsa mutu, zimene muone ndi zanu."

Ulendo umenewo unali wa mphindi zisanu mwina, koma ine ndimauyendabe kutulo. Maso anga anali pa zidendene zong'aluka za a Kamwendo. Kumanzere ndi kumanja zinthu zinkayenda nafe, wayawaya, kupuma kwake ndikukumva, fungo la utsi ndi dothi lonyowa. China chinandikhudza pakhosi ndi chinthu ngati udzu, pang'ono chabe, ngati chikundiyesa. A Kamwendo ananong'ona, "Usayerekeze." Sindinaone kanthu, ndipo amene mukufuna kundifunsa kuti zinali zotani musavutike. Nditaona kamtengo ka nsanza kaja pafupi ndi phazi langa, phokoso lonse linali litasiya. Ndinasanza mandasi onse pomwepo.

Lole tinaipeza itatembenuka kale, injini ikulira, bwana ali m'kati atakhoma zitseko ndi kukweza magalasi. Titafika pa Linthipe anatsika n'kunena anthu akumva, "Wanditayitsa makina, wanditayitsa oda. Aphunzitsi ako aja ananama m'kalata. Usadzapondenso pano." A Kamwendo sanadikire zawo, anangotenga jumbo yawo n'kumapita. Makina anakawomboledwa ndi mbuzi patatha sabata, ine ndinapereka nkhuku ya apongozi chifukwa cha mapazi anga amene anadutsa nsanza ija. Koma mbiri inali itafika kale kwa onse a matabwa, kuyambira Linthipe mpaka pa boma, kuti Kalisto amataya makina a bwana m'tchire n'kuthawa. Za kamtumbira palibe ankazinena. Ndinayenda kwa mabwana anayi. Wachinayi anandiuza mosabisa, "Ife timafuna munthu womva." Tadala anabadwa mwezi wotsatira, bambo ake ali lova.

Febuluwale 2025, kwa apongozi

Panopa ndimalima mbatatesi ndi kabichi m'dimba la amayi ake a Rozina, ndipo ndimakonzako mafoni a anthu pakhonde. Sitigona ndi njala. Koma ndikamva makina akulira kuphiri, manja angawa amayabwa, ndimadziwa ndi khutu lokha kuti tcheni chawo chabuntha. Chaka ndi theka sindinagwire chingwe.

Lolemba lapitali ndikupalira, ndinangoona a Kamwendo atulukira ndi njinga yawo yopanda mabuleki. Atamwa madzi anati, "Mphwanga, ndatumidwa ndi a Gwaza." Khasu linandigwa. Akuti mvula ya mphepo ija inagwetsa chimtengo chachikulu m'kati mwa manda aja, chagona pa mitumbira ndipo chatseka njira ya onyamula bokosi. Ayesa nkhwangwa masiku atatu, chakanika, ndipo kuchikoka kungafukule manda. Pakufunika wa makina wodziwa kudula pang'onopang'ono osagwetsera chipika pansi. Makina abwereka kale. Anyamata a makina alipo ambiri, ena ndi a gule omwe, koma a Gwaza akuti, "Tiitanireni uja anasiya chingwe." Akuti nsanza sipadzakhala, mudzi wonse walola, adzandilowetsa okha n'kunditulutsa okha, palibe adzandikhudze. Ndipo akuti m'mudzimo muli anthu atatu a nkhalango za paini zokhwima amene akusowa wocheka wokhulupirika. Ntchito ya chaka chathunthu, magaye. Kubwerera pa makina.

Rozina anamva zonse ali pa mtondo. Anasiya musi. "Bambo a Tadala, munatuluka kamodzi mwa chisomo. Mukufuna mukayese kachiwiri? Nanga a gule aja akakatseka njira muli m'kati, mudzaimbira ndani? Nanga a ku mphakati wa kutchalitchi akamva kuti munali kudambwe, mudzati munkakatani?" A Kamwendo, "Mayi, mawu a a Gwaza sabwerera. Ine ndidzakhala pambali pake." Rozina, "Paja tsiku lija munalinso pambali pake." A Kamwendo anangoseka, koma ine sindinaseke. Onse awiri anandiyang'ana, wina nkhope yokwinya uku, wina uku. Ndinati, "Ndiganize kaye." A Kamwendo anakwera njinga, amvekere, "Ganiza, koma m'mudzimo muli gogo wina amene akudwala kwambiri. Njira ija ifunika posachedwa."

Kuyambira Lolemba chakudya sichikulowa. Ndikatseka maso ndikuona zidendene zija, ndikumva kanthu kaja pakhosi. Ndikatsegula ndikuona Tadala akusewera ndi nsapato imene yamuthina kale. A Gwaza ndinawaona kamodzi kokha m'moyo wanga, ndipo tsiku limenelo anandifunsa ngati maliro ndi anga. Lero akuti ndiwakhulupirire, ndilowe nawo mpaka m'katikati, kupitirira pamene ndinafika paja. Akundidikira Loweruka m'mawa, ndipo lero ndi Lachinayi.

Ndiye musanditumizire tizithunzi toseka, ndikufuna mayankho enieni. Mukanakhala inu, magaye, Loweruka mukanakwera njinga ya a Kamwendo, kapena mukanatsala kudimba?